Phunziro: Kuzoloweza Ana Ndiwo Zachilendo

Amayi anzanga, mawu akuti "mwana wanga sadya zimenezo" timawamva kawirikawiri kuno ku Chinyunyu. Mwana akakana ndiwo kamodzi, timaleka kuphika. Komatu kafukufuku wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu mu Zambia, 35 anali opinimbira. Chimodzi mwa zifukwa zake ndicho kudya zakudya zamtundu umodzimodzi. Chilala cha mu 2024 chinatiphunzitsanso kuti mwana wodziwa nsima yokha amavutika chimanga chikasowa.

1. Lilime limaphunzira

Ana ambiri amayamba kukana zakudya zachilendo akafika zaka ziwiri. Si mwano ayi, ndi kakulidwe. Akatswiri a kadyedwe anapeza kuti mwana angafunike kulawa chakudya chatsopano ka 10 kapena kuposa apo asanachikonde. Tsono tisafulumire kugwa mphwayi. Tikumbukire kuti chimanga, mtedza ndi tsabola zinachokera ku America. Makolo athu akale anaziona ngati zachilendo, koma lero ndi zathu.

2. Chitsanzo cha ku Thailand

Anthu a ku Thailand amadziwika ndi ndiwo za msuzi wokometsera zotchedwa curry. Zina ndi zowawa tsabola kwambiri, koma ilipo ina yofatsa, dzina lake massaman, imene zokometsera zake zinafika kumeneko ndi amalonda achisilamu. Amaphatikiza nkhuku kapena nyama ya ng'ombe, mbatatesi, anyezi, mtedza, bwemba ndi mkaka wa kokonati, ndipo amadyera mpunga.

Taonani: mtedza ana athu amaudziwa m'ndiwo zotendera. Bwemba, amene ena amati kawawasha, amamera m'chigwa cha Luangwa. Apa pali nzeru: chakudya chatsopano chilowe m'nyumba chitagwirana dzanja ndi chimene mwana amachidziwa kale.

3. Kaphikidwe kake

Mkaka wa kokonati wa m'zitini umapezeka m'masitolo akuluakulu ku Lusaka, koma ndi wodula. Nsinjiro ingalowe m'malo mwake. Sizikhala ngati za ku Thailand zenizeni, koma ndi pachibale.

Kazingani anyezi mmodzi, adyo ndi jinja pang'ono. Thirani theka la supuni yaing'ono ya ufa wa curry wosawawa, ndipo takasani kufikira fungo limveke. Ikani theka la nkhuku yoduladula ndi mbatatesi zitatu, kapena kandolo wofiira mkati amene ali ndi vitamini A. Thirani madzi, ziwire kufikira nyama ifewe. Sungunulani kapu imodzi ya nsinjiro, thirani, ndipo ziwire pa moto wochepa mphindi 15. Pomaliza onjezani supuni imodzi ya madzi a bwemba. Tsabola wa abambo akhale m'kambale kapadera.

4. Pa nthawi ya chakudya

(a) Yambani ndi supuni imodzi pambali pa nsima ndi ndiwo zimene mwana amakonda.

(b) Idyani inuyo poyamba iye akuona. Mwana amatsata nkhope ya mayi wake.

(c) Musamukakamize, musamumenye, ndiponso musamulonjeze switi. Akakana, chotsani mwakachetechete, mudzayesenso pakapita masiku atatu.

(d) Mupatseni ntchito: asinje mtedza kapena atsuke mbatatesi. Chimene wagwirako amafuna kuchilawa.

(e) Tsabola akamuotcha mkamwa, mupatseni mkaka. Madzi sathandiza kwenikweni.

(f) Ana osakwana zaka zisanu musawapatse mtedza wathunthu, ungawatsamwe. Mwana akatupa milomo, kutuluka ziwengo kapena kubanika atadya mtedza, thamangirani naye ku chipatala.

Amayi, ana athuwa sadzakhalitsa pa mphasa yathu. Ena adzapita ku sukulu zogonera komweko, ena ku ntchito kutali. Mwana amene anaphunzira kulawa sagona ndi njala kwa eni ake, ndipo sachititsa manyazi womulandira.

Mafunso okambirana

1. Kodi ndi ndiwo ziti zimene tinaleka kuphika chifukwa ana anakana?
2. Kodi ndi zakudya ziti za m'munda mwathu zimene timangogulitsa pa msewu wa Great East, ana athu osalawako?
3. Sabata ino, ndi chakudya chiti chatsopano chimene aliyense wa ife adzayesa? Tidzauzane pa msonkhano wotsatira.