PHUNZIRO LA ALIMI: KWACHA IKALIMBA, MBEU ZOPITA KUNJA ZITSIKA MTENGO

Inu alimi a ku Chongwe, ku Chalimbana ndi ku Kanakantapa, mwamvapo pa wailesi mau akuti Kwacha yalimba, ndipo anthu a m'tauni akondwera. Kukondwa kwao nkoyenera, pakuti katundu wocokera kunja atsika mtengo. Koma mlimi amene zokolola zace zigulitsidwa kunja kwa dziko ayambe waŵerenga bwino asanaombe m'manja.

Tiyambe ndi cinthu cimene mucidziŵa. Matimati akaculuka pa msika wa Soweto ku Lusaka, mtengo wa bokosi utsika. Ndalama ya dola iri cimodzi-modzi. Madola akaculuka m'dziko, dola imodzi igulidwa ndi ma Kwacha ocepa, ndipo ndiko kulimba kwa Kwacha kumene anena.

Izi zinacitika m'dziko lathu m'zaka za 2005 ndi 2006, pa nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa. Mtengo wa mkuwa unakwera kwambiri, ndiponso m'caka ca 2005 maiko olemera anakhululukira Zambia ngongole zambiri. Tsono madola anasefukira. Pakati pa caka ca 2005 dola imodzi inali pafupi K4,700, koma pofika miyezi yoyamba ya 2006 inali pafupi K3,200. (Kumbukirani kuti awa ndi ma Kwacha akale, asanacotse manoti atatu mu January 2013.)

Taonani tsono cimene cinagwera mlimi. Bwalo la ndege la Lusaka liri m'boma lathu lomwe lino, ndipo pa masiku amenewo ndege zinali kunyamula zitheba, nsawawa ndi cimanga canthete kupita nazo ku Ulaya. Tiyerekeze kuti mwini sitolo wa ku London alipira madola 10 pa bokosi limodzi la zitheba. Kale madola 10 anabweretsa K47,000. Kwacha italimba, bokosi lomwelo, zitheba zomwezo, thukuta lomwelo, zinabweretsa K32,000 cabe. Ndalama K15,000 zinasoŵa m'njira popanda wakuba. Koma malipiro a anchito othyola zitheba sanatsike, ngakhale mtengo wa madzi ndi magetsi.

Wina adzafunsa kuti, bwanji osakweza mtengo ku London? Yankho lace nlakuti wogulayo sadikira ife. Alimi a ku Kenya alimanso zitheba, ndipo tikakweza mtengo iye angotembenukira kwa iwo. Cifukwa cace kampani yotumiza mbeu kunja iribe pothaŵira pena koma kucepetsa mtengo umene ipatsa mlimi, kapena kucotsa anchito, kapena kuleka kugula konse. Alimi a thonje anaciona ici ndi maso m'caka ca 2006: mtengo unatsika, ndipo nyengo yotsatira ambiri sanabzalenso thonje.

Bvuto limeneli si la ife tokha. Dziko la Thailand linatsogola zaka zambiri pogulitsa mpunga kunja. Koma ndalama yao ya baht inalimba m'caka ca 2019, cilala cinaonjezapo, ndipo mu 2020 maiko a India ndi Vietnam anali patsogolo pao. Kwa ife nkhani ya mpunga iloŵera khomo lina. Kwacha ikalimba, mpunga wa kunja ufika m'masitolo a Lusaka pa mtengo wocepa, ndipo abale athu olima mpunga ku Mongu ndi ku Chama apikisana nao mobvutika.

Sitikana kuti ubwino ulipo. Feteleza wina, dizilo ndi mankhwala a mbeu zicokera kunja, ndipo Kwacha yolimba iyenera kuzitsitsa. Koma amene agulako adziŵa kuti mitengo ya m'sitolo ikwera mothamanga, nitsika mokwaŵa. Coopsa kopambana ndi nyengo. Mu July 2021 dola inali pa K22, pofika September inali pafupi K16. Mlimi akagula feteleza Kwacha iri yofoka, nadzagulitsa mbeu itakhala yolimba, alipira zambiri poyamba ndi kulandira zocepa potsiriza. Wogula cimanga kapena soya wopita nazo ku Congo kudzera pa Kasumbalesa aŵerengera madola ace, ndipo kutaya kwace akubweza pa sikelo ya m'mudzi mwanu.

Mlimi sangathe kulamula Kwacha. Imeneyo ndi nchito ya Bank of Zambia ndi Boma. Koma pali zimene angathe kucita. Musanasaine pepala la pangano ndi kampani yokupatsani mbeu ndi feteleza pa ngongole, funsani kuti mtengo umene adzagulira zokolola zanu ndi wa Kwacha kapena wotsata dola, ndipo uzilembedwa pa pepalapo, osati pakamwa pokha. Ngati simudziŵa kuŵerenga, pitani nalo kwa mlangizi wa malimidwe kapena kwa mlembi wa kopaletivi yanu akuŵerengereni mau onse. Musapereke munda wonse ku mbeu imodzi yopita kunja. Siyani cigawo ca cimanga ca m'nkhokwe, ndi cina ca ndiwo zimene mungagulitse pa msika wa Chongwe kapena ku Lusaka, kumene wogula alipira ndi Kwacha yomwe inu mulipira nayo anchito anu.