Mphaka Wodwala Shuga: Kusintha Insulini ndi Mlingo Wake

Mphaka naye amadwala shuga. Amene amagwidwa kawirikawiri ndi amphaka achikulire, onenepa, ongokhala m'nyumba, makamaka aamuna ofulidwa. Mwini wake amayamba kudabwa kuti mbale ya madzi ikuuma msanga. Mphaka akukodza pafupipafupi, akudya mosakhuta, koma akuwonda. Matenda akakhalitsa, miyendo yakumbuyo imafooka, ndipo amayenda chonyonyomala m'malo moponda ndi zala monga amachitira mphaka wabwinobwino.

Chimene chimachitika m'thupi ndi ichi. Chakudya chikagayika, shuga amalowa m'magazi. Kuti shugayo achoke m'magazi n'kukalowa m'minofu kukapatsa mphamvu, pamafunika insulini, yomwe imapangidwa ndi kapamba. Insulini ikachepa, kapena thupi likasiya kuimvera, shuga amangodzaza m'magazi. Akafika cha m'ma 15 mmol/L, impso zimayamba kumutayira mumkodzo, ndipo potuluka amakoka madzi ambiri. Ludzu lija limachokera pamenepo.

Frederick Banting ndi Charles Best anatulukira njira yotengera insulini ku kapamba mu 1921 ku Toronto, m'dziko la Canada, ndipo ankayesera pa agalu. Mpaka lero insulini saimwa ngati piritsi, chifukwa m'mimba ingagayike ngati nyama. Amaibaya pansi pa khungu, ndipo kwa mphaka nthawi zambiri ndi kawiri pa tsiku, motalikirana maola 12.

Insulini si imodzi

Caninsulin, yomwe ku America amaitcha Vetsulin, imachokera ku nkhumba ndipo imaoneka ngati mkaka. ProZinc nayo ndi yotuwa, koma imakhalitsa m'thupi kuposa yoyambayo. Lantus inapangidwira anthu, ndi yoyera mbee ngati madzi, ndipo imagwira pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali.

Thupi la mphaka limatha insulini mofulumira kuposa la galu. Mwa amphaka ambiri mphamvu ya Caninsulin imatha maola 12 asanakwane, moti shuga amakhala atakweranso kale nthawi ya jakisoni wachiwiri isanafike. Dokotala wa ziweto akaona zimenezi amasamutsira mphaka ku insulini yokhalitsa. Nthawi zina chifukwa chake n'chapafupi: mtundu wakale wasowa m'mafamase, kapena wakwera mtengo.

Botolo ndi sirinji yake

Apa ndi pamene anthu ambiri amapwetekera ziweto zawo, choncho tiyeni tiwerenge modekha.

Insulini amaiyeza m'mayuniti. Pa botolo la Caninsulin ndi la ProZinc pamalembedwa U-40, kutanthauza kuti mu mililita imodzi muli mayuniti 40. Pa Lantus pamalembedwa U-100: mililita yomweyo ili ndi mayuniti 100. Zili ngati makapu awiri ofanana a tiyi, wina wa masamba ochepa, wina wowiritsa masamba ambiri. Kuchuluka kwa madzi n'kumodzi, koma ukali wake ndi wosiyana.

Mtundu uliwonse uli ndi sirinji yake. Ya U-40 kawirikawiri imakhala ndi kachivundikiro kofiira, ya U-100 kachivundikiro ka olenji, koma musadalire mtundu wokha. Werengani zimene zalembedwa pa sirinjiyo.

Tiyerekeze kuti mphaka wasamutsidwira ku Lantus, koma m'kabati mwatsala masirinji akale a U-40, ndipo mwini wake wachita nawo chisoni kuwataya. Wakoka mankhwala mpaka pa mzere wa 2, akuganiza kuti ndi mayuniti 2. Tiwerengere: 100 kugawa ndi 40 ndi 2.5. Kenako 2.5 kuchulukitsa ndi 2 ndi 5. Mphakayo walandira mayuniti 5, ndipo kwa kanyama ka makilogalamu 4 mlingo umenewo ukhoza kupha. Tsiku limene botolo lasinthidwa, masirinji akale achoke m'nyumba.

Insulini yatsopano amayamba nayo pansi

Mphaka amene ankalandira mayuniti 4 a insulini yakale sangoyamba ndi mayuniti 4 a yatsopano. Dokotala kawirikawiri amabwerera ku mlingo woyambira, womwe ndi kota kapena theka la yuniti pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kwa mphaka wa makilogalamu 4, kota kuchulukitsa ndi 4 ndi yuniti imodzi, m'mawa ndi madzulo. Ngati ndi wonenepa kwambiri, amawerengera pa sikelo imene amayenera kukhala nayo, osati ya mafuta akewo.

Kenako pamafunika kudikira. Thupi limatenga pafupifupi sabata kuti lizolowere mlingo watsopano. Kuwonjezera kumachitika pang'onopang'ono, theka la yuniti kapena yuniti imodzi, kenako n'kudikiranso. Mwini mphaka akaona manambala akuluakulu pa makina oyezera shuga mtima umamuthamanga, ndipo n'zomveka. Komabe shuga wokwera amawononga thupi kwa masabata, pamene shuga wotsikitsitsa akhoza kupha tsiku lomwelo.

Nambala imene imalamula

Magazi amawatenga polasa m'mphepete mwa khutu ndi kasingano. Kadontho kamodzi n'kokwanira. Khutu likazizira magazi satuluka, choncho yambani mwalitenthetsa ndi kansalu kofunda. Kuyezera kunyumba kuli ndi ubwino wake, chifukwa mantha okha a ulendo wa kuchipatala amakweza shuga wa mphaka.

Kuyeza kamodzi sikuuza zambiri. Tsiku losankhidwa, amayeza asanabaye jakisoni wa m'mawa, kenako maola 2 kapena 3 aliwonse mpaka jakisoni wa madzulo, n'kumalemba m'kope. Pa manambala onsewo, dokotala amayang'ana kwambiri yotsikitsitsa. Imafunika kukhala pakati pa 4.5 ndi 8 mmol/L. Makina ena amawerenga mu mg/dL, ndipo pamenepo ndi 80 mpaka 150.

Onani chitsanzo ichi. M'mawa 20, masana 3, madzulo 22. Amene wangoyeza m'mawa ndi madzulo anena kuti mankhwala akuchepa, awonjezere. Koma 3 wa masanayo akunena zosiyana. Insulini yachuluka, shuga wagwa kwambiri, ndipo thupi podziteteza lachititsa chiwindi kutulutsa shuga amene chinasunga. N'chifukwa chake madzulo wakwera chonchi. Mlingo apa ukuyenera kutsika.

Shuga akagwa, mphaka amafooka, amadzandira, amanjenjemera, mwinanso kukomoka. Mupakeni uchi kapena shuga wosungunula m'nkhama ndi chala, osamuthira zamadzi kukhosi poti angatsamwe, ndipo thamangirani naye kwa dokotala. Mphaka amene wakana kudya kapena akusanza musamubaye mlingo wonse musanafunse. Ndipo ngati mukukayika kuti jakisoni walowa kapena wathera muubweya, musabwereze. Dikirani nthawi yotsatira.

Chakudya chimakhudzanso mlingo. Mphaka ndi nyama yodya nyama. Mukamuchotsa pa mkute wa nsima ndi mpunga n'kumuika pa chakudya cha nyama, insulini imene amafuna imachepa, choncho dokotala adziwe musanasinthe. Amphaka ena, shuga akagwiridwa bwino msanga, kapamba wawo amadzukanso mpaka kusiyiratu jakisoni. Chizindikiro chake ndi chakuti mlingo umene unali woyenera wayamba kumugwetsa shuga.

Botolo lizikhala mufiriji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, osati kumene kumaundana madzi. Insulini imene yaundana kapena yakhala padzuwa yawonongeka. Magetsi akazima, musamatsegule firiji pafupipafupi. ProZinc amaigudubuza pang'onopang'ono m'manja, pamene Lantus saikhutchumula ndiponso saisakaniza ndi chilichonse.

Manambala a m'phunziro lino ndi a mphaka. Ngati inu kapena wachibale mumabaya insulini, mlingo wanu amasintha ndi achipatala okha.

Zochita

Mphaka akulemera makilogalamu 6, ndipo dokotala wanena kota ya yuniti pa kilogalamu. Alandira mayuniti angati pa jakisoni mmodzi?

Munthu wakoka Lantus ndi sirinji ya U-40 mpaka pa mzere wa 4. Wakoka mayuniti angati enieni? Werengerani m'makope mwanu.