Pepala la mlangizi lingatuluke pa Lirangwe mwini wake ali ku Lilongwe

Sabata ino tiyambe taika pambali nkhani ya manyowa ndi mizere, tikambirane za pepala. Mwina wina adabwa kuti pepala lalowa bwanji pa tsamba la ulimi, koma mlimi amene adaonapo tomato wake akupserera chifukwa cha nambala imodzi yowerengedwa molakwa sangadabwe.

Ine ndine mlangizi woima pandekha. Ndimathandiza makalabu a alimi kuyambira ku Chileka, kudutsa pa Lunzu mpaka ku Lirangwe, koma ntchito zina zimanditengera kutali, nthawi zina kwa masabata awiri kapena atatu. M'chilimwe cha 2023 ndili ku Lilongwe, kalabu ina ya ulimi wa mthirira kufupi ndi Lirangwe idandiimbira foni kuti tomato wagwidwa ndi timbozi tija toboola masamba ndi zipatso, timene akatswiri amatitcha Tuta absoluta. Ndidalemba malangizo pa pepala ndi bolopeni, n'kulijambula ndi foni, n'kutumiza kwa mnyamata wina wa m'kalabumo amene ali ndi foni yaikulu. Ndidalemba kuti athire mamililita 15 a mankhwala mu sipuleya ya malita 16. Chithunzi chidafika chosaoneka bwino, galasi la foni ya mnyamatayo lidali losweka, ndipo 1 wanga, amene ndimamulemba ndi kambedza pamwamba, adaoneka ngati 7. Adathira mamililita 75. Mamembala awiri amene adayambirira kupopera adaotcha masamba a tomato wawo, ndipo botolo la mankhwala limene kalabu idasonkherana kuti liwafikitse kumapeto kwa mwezi lidatsala pang'ono kutha m'masiku atatu. Kulakwa kudali kwanga, ndipo ndidapepesa pa msonkhano.

Kuyambira pamenepo ndidatsimikiza kuti malangizo aliwonse okhala ndi manambala azifika kwa alimi ali otayipa bwino ndiponso ali pa pepala. Pepala limakhomedwa pa khoma, limawerengedwa mokweza pa msonkhano, limalowa m'thumba kupita ku dimba, silifuna kutchaja, ndipo amfumu angathe kudindapo chidindo. Funso lidali lakuti, pepalalo lituluka bwanji pa Lirangwe ine ndili kutali? M'chaka cha 2024 ndidayesa njira zitatu, zonse zodalira chimene odziwa za makompyuta amachitcha cloud, kutanthauza mtambo.

Mlimi akamva za mtambo amaganiza za mvula, choncho tifotokoze bwino. Mtambo umenewu suli kumwamba ayi. Ndi makompyuta akuluakulu osanjikizana m'nyumba zozizira, zimene magetsi ake sazima usana ndi usiku. Makampani monga Google, Microsoft ndi Amazon ali ndi nyumba zotere m'maiko ambiri. Kuno kummwera kwa Africa, Microsoft idatsegula zake ku South Africa mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024. Boma lathu nalo lidatsegula nyumba yake yosungiramo zinthu za boma mu mzinda wa Blantyre mu 2022. Mukatumiza kalata ya imelo, imachoka m'foni mwanu kupita pa nsanja ya netiweki, kenaka imayenda m'nthambo kudzera ku Mozambique kapena ku Tanzania, pakuti dziko lathu silidagunde nyanja yamchere kumene kumadutsa nthambo zikuluzikulu, mpaka ikasungidwe m'makompyuta aja. Wolandira amakaitenga komweko nthawi imene wafuna. Mwachidule, n'chimodzimodzi kusungitsa chimanga m'nkhokwe ya mwini: chimanga ndi chanu, kiyi muli naye, koma nkhokwe si yanu.

Njira yoyamba idali yapafupi. Tidatsegulira kalabu adiresi ya imelo ya Gmail, imene imatsegulidwa mwaulere, ndipo tidagwirizana ndi mnyamata wina wa shopu ya fotokope pa Lirangwe kuti ndikatumiza kalata iye azisindikiza, mayi mlembi wa kalabu azidzatenga tsiku la msika ndi kulipira pa pepala lililonse. Chinthu choyamba kutumiza chidali ndondomeko ya feteleza ya membala aliyense, yochokera pa zotsatira za dothi limene tidakayezetsa ku malo a kafukufuku a Bvumbwe. Apa ndidagwanso m'mbuna. Ndidatumiza kalatayo mmene ndidailembera pa kompyuta yanga, osaitseka. Itatsegulidwa pa kompyuta ya ku shopu, mizere idasuntha, ndipo mlingo wa feteleza wa membala wina udakagwera pa dzina la mnzake. Mwayi wake mayi mlembi ndi munthu wa maso. Adandiimbira nati, "Alangizi, kodi agogo aja a kamunda ka theka la ekala mwawalembera matumba anayi, mukufuna athire ndi padenga pomwe?"

Mankhwala a vuto limeneli ndi mawu a zilembo zitatu amene mlembi wa kalabu aliyense ayenera kuwadziwa: PDF. Kalata ikasandutsidwa PDF imakhala ngati yaumitsidwa. Imaoneka chimodzimodzi pa foni, pa kompyuta ndi pa pepala, ndipo mizere sisuntha. Aliyense wokutumizirani fomu, mgwirizano wa malonda kapena malangizo, muuzeni kuti atumize PDF. PDF ya masamba awiri kapena atatu a mawu okhaokha ndi yopepuka kuposa chithunzi chimodzi, choncho sidya bandulo. Gmail imalola kutumiza katundu wosapitirira 25 MB pa kalata imodzi, ndipo zolemba za kalabu sizifika pamenepo pokhapokha mwadzazamo zithunzi. Ngati mwakonda kutumiza pa WhatsApp, tumizani ngati chikalata, osati ngati chithunzi, pakuti chithunzi chimachepetsedwa kuti chiyende msanga ndipo timanambala ting'onoting'ono ndi timene timayamba kufufutika.

Pali chinthu china pa njira imeneyi chimene alimi ambiri sachiganizira. Mafomu a ngongole ndi kaundula wa kalabu amakhala ndi maina, manambala a chiphaso cha unzika ndi manambala a foni amene ali pa Mpamba kapena Airtel Money. Zonsezi zikalowa m'kompyuta ya ku shopu zimatsala momwemo, ndipo aliyense wobwera pambuyo panu angathe kuziona. Mnyamata wathu ndi wokhulupirika, koma kompyutayo imagwiridwa ndi anthu ambiri. Tsono tidaika lamulo lakuti mawu achinsinsi otsegulira imelo ya kalabu asalembedwe pa kompyuta ya shopu. Mlembi amatumiza kalata yofunika kusindikiza yokhayo kuchoka pa foni kupita ku adiresi ya shopu, ndipo ikatuluka amaimirira pomwepo mpaka aone kuti yafufutidwa.

Njira yachiwiri siyosindikiza kwenikweni, koma ndi imene ndidapeza kuti ili ndi phindu lalikulu. Adiresi ya Gmail imabwera ndi malo osungira zinthu otchedwa Google Drive, okwana 15 GB aulere, amene amagawidwa pakati pa makalata, zithunzi ndi zolemba. Kwa kalabu ya alimi malo amenewa ndi ambiri zedi. Tidajambula kaundula wa mamembala, malamulo a kalabu, malisiti a mbewu ndi feteleza, ndi buku la msungichuma tsamba ndi tsamba, n'kuziika m'menemo. Amene adaona namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 akudziwa chifukwa chake. Kalabu ina ya ku Chileka idataya buku la ngongole khoma la nyumba ya msungichuma litagwa ndi mvula, ndipo mpaka lero mamembala ena salankhulana chifukwa palibe umboni wa amene adabweza ndi amene sadabweze. Buku likadajambulidwa, mkanganowo ukadatha ndi pepala limodzi.

Koma kumbukirani kuti nkhokwe ndi ya mwini ndipo ili ndi malamulo ake. Kuyambira mu Disembala 2023 Google ili ndi ufulu wofufuta adiresi imene yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa, pamodzi ndi zonse zili m'menemo. Komanso adiresi imamangiriridwa ku nambala ya foni imene amatumizako uthenga mukaiwala mawu achinsinsi. Musaike nambala ya mwana wa sukulu amene mawa apita ku Joni ndi foni yake. Ikani ya mlembi kapena ya tcheyamani, ndipo mawu achinsinsiwo adziwike ndi anthu awiri a m'komiti. Komiti ikasintha, nawonso asinthidwe, monga mmene timasinthira osayinira ku banki.

Njira yachitatu ndi imene idandikopa kwambiri, ndipo ndi imene idandidyera ndalama. Alipo makina osindikizira, amene ambiri timangoti pulinta, okhala ndi adiresi yawoyawo ya imelo. Kampani ya HP idayambitsa zotere mu 2010, ndipo ya Epson nayo ili ndi njira yofanana. Mukatumiza PDF ku adiresi ya pulintayo, kalata imapita ku makompyuta a kampani, iwo n'kuitumiza kwa pulinta, pepala n'kutuluka popanda munthu kukhudza batani. Ndidabwereka pulinta yotere kwa mnzanga wa m'tauni n'kukaiika pa grosale ya mwana wa mayi mlembi, pamene pali sola. Ndidasankha ya inki chifukwa imadya moto pang'ono. Ija ya ufa imene ili m'maofesi imafuna moto wambiri poyamba kutentha, ndipo sola yaing'ono ya pakhomo singaikwanitse.

Tsiku loyamba zidayenda ngati matsenga. Ndidatumiza kalata ndili ku Lilongwe, ndipo pasadathe mphindi zisanu foni idalira. "Alangizi, chinthu chanu chija chadzuka chokha, chikulavula pepala!" Anthu adasonkhana pa grosale kudzaonerera, ndipo bambo wina adapempha kuti nditumizenso kachiwiri kuti aone ndi maso ake.

Chisangalalocho chidatha mwezi usadathe. Pulinta yotere imafuna zinthu zisanu pa nthawi imodzi: moto, intaneti yosaduka, mapepala, inki, ndi munthu woyang'anira. Chimodzi chikasowa, zonse zaima. Intaneti timaitenga pa kabokosi kokhala ndi simu khadi, ndipo bandulo imene ndimati ikwana mwezi idatha m'sabata imodzi, anyamata a pa grosale atadziwa mawu achinsinsi n'kuyamba kuonera mpira. Tsiku lina netiweki idasowa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tsiku lina mapepala adatha ndipo palibe adandiuza. Ine kuno ndidakhala phee poganiza kuti malangizo afika, pamene kalata idadikira m'makompyuta a kampani kwa masiku angapo mpaka idafufutika. Ndiye kudabwera kutentha ndi fumbi la Okotobala, limene aliyense wa ku Lirangwe akulidziwa. Pulinta itakhala masabata awiri osagwira ntchito, inki idauma m'timabowo take, ndipo manambala adayamba kutuluka odukaduka, vuto lomwe lija ndimalithawa. Inki yoyeretsera timabowoto idaposa imene tidalembera. Onjezanipo kuti inki ya mtundu umenewu imasungunuka pepala likanyowa, pamene mlimi amagwira pepala ndi manja a ku dimba.

Amene angafune kuyesabe njirayi achite chinthu chimodzi tsiku loyamba lomwe: alembetse maadiresi a anthu ololedwa kutumiza. Mukapanda kutero, aliyense wodziwa adiresi ya pulinta angathe kukumalizirani mapepala ndi inki ali kwawo. Adziwenso kuti ntchito za mumtambo zimatha kutsekedwa mwini wake akafuna. Google idali ndi njira yake yosindikizira patali yotchedwa Google Cloud Print, imene idayamba mu 2010, ndipo idatsekedwa kumapeto kwa 2020. Masukulu ndi maofesi ambiri kunja amene amaidalira adachita kufuna njira zina. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, choncho chikalata chofunika, monga mgwirizano ndi wogula nandolo, chikhale mumtambo komanso pa pepala m'bokosi la kalabu.

Maganizo anga ndi akuti pulinta yodzisindikizira yokha ingathandize kopaletivi imene ili ndi ofesi, magetsi ndi kalaliki wokhalapo tsiku ndi tsiku, yosindikiza mapepala ambiri pa sabata. Kalabu ya anthu 20 kapena 30 yofuna mapepala khumi pa mwezi isataye ndalama. Mtengo wa pulinta, inki ndi bandulo ungagule feteleza, pamene mnyamata wa fotokope ali kale ndi makina, amawakonza yekha akaonongeka, ndipo makina ake ndi a ufa umene susungunuka ndi madzi. Pulinta ija ndidabweza kwa mwini wake mvula isadagwe.

Tsopano timachita motere. Ndimatayipa malangizo m'Chichewa ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo nambala iliyonse ya mlingo ndimailemba kawiri, m'manambala ndi m'mawu: mamililita 15, khumi ndi asanu. Ndimatumiza PDF ku imelo ya kalabu n'kuimba foni kunena kuti kalata yapita, pakuti kumudzi palibe amene amatsegula imelo popanda chifukwa. Mayi mlembi akatenga pepala ku shopu amandiimbira n'kundiwerengera manambala onse ndisadawalole kugawa. Pa nkhani ya mankhwala, amafanizanso ndi zimene zalembedwa pa botolo, ndipo zikasiyana palibe wopopera mpaka tilankhulane.

Pepala lomaliza kudutsa njira imeneyi lidali la kabzalidwe ka chimanga: mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, feteleza wobereketsa wa Urea patatha masabata atatu chimanga chitamera. Tidasindikiza mapepala 24, limodzi la membala aliyense ndi lina lokhoma pa tchalitchi pamene kalabu imakumana. Aliyense adauzidwa kubwera ndi jumbo ya shuga yoti asungiremo lake.