Vim Ikayamba Zachilendo Mutasamuka ku Windows Kupita ku Linux

Inu abale ndi alongo amene munazolowera kulemba ndi Vim pa Windows, ndipo tsopano mwasamukira ku Ubuntu kapena ku Debian, musataye mtima mukaona chida chimene chinkamvera zala zanu chikuchita ngati sichikukudziwani. Pakuti Vim, imene Bram Moolenaar wa ku Netherlands anaitulutsa mu 1991 potsata vi ya Bill Joy ya mu 1976, ndi yomweyo konsekonse, koma nyumba imene yalowamo ili ndi mwambo wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani ndi katundu amene mwasamuka naye. Fayilo ya malamulo anu, imene inkatchedwa _vimrc, ipatseni dzina la .vimrc ndi kuiika m'foda yanu ya home; foda ya vimfiles nayo ikhale .vim, apo ayi mapulagini anu sadzapezeka.

Vuto lalikulu, limene lasowetsa tulo anthu ambiri odziwa ntchito yawo, ndi ili: mukangotsegula Vim, mizere ya madandaulo ikhuthuka, uliwonse ukunena E492 ndi kuonetsa kachizindikiro ka ^M. Chiyambi chake ndi chakale ndithu. Makina otumizira matelegalamu ankafuna malamulo awiri pothera pa mzere, lina lobwezera cholembera kumanzere, lotchedwa CR, ndi lina lokwezera pepala, lotchedwa LF. Ndipo Windows inasunga onse awiri kufikira lero, pamene Linux inakhutira ndi LF yekha, kotero kuti CR wotsalayo, amene ndiye ^M uja, Vim imamuwerenga ngati lamulo limene siilidziwa. Mankhwala ake ndi apafupi: tsegulani .vimrc, lembani :set fileformat=unix, kenako :wq. Ngati ^M akuonekerabe m'mizere ina, ndiye kuti fayiloyo ndi yosakanikira, ndipo :%s/\r$// idzamuchotsa. Amene muli ndi mafayilo ambiri, pulogalamu ya dos2unix idzakupeputsirani ntchito. Ine ndikulangizani kuti muyeretsenso masikiripti anu onse tsiku lomwelo, chifukwa nawonso amakana kuyenda ndi nthenda yomweyi.

Kwa ena, mabatani a mivi amalemba A, B, C kapena D m'malo moyendetsa cholozera. Apa kiyibodi ilibe mlandu: mwatsegula vim-tiny, kamtundu kochepetsedwa kamene kamabwera ndi makinawo, kamene mukakaitana ndi dzina la vi kamatsata makhalidwe a vi yakale. Lembani sudo apt install vim, zidzatha.

Chenjerani koposa ndi Ctrl-Z. Ambiri a inu munkafufutira nayo cholakwa, popeza pa Windows fayilo ya mswin.vim inkaipatsa ntchito imeneyo. Koma kuno imaimitsa Vim ndi kukubwezani ku teminolo, ndipo munthu, poyesa kuti ntchito yake yonse yatayika, amatsegulanso fayiloyo n'kukumana ndi chenjezo la E325. Palibe chatayika: bwererani ku teminolo, lembani fg, mudzapeza zolemba zanu monga munazisiyira. Pofuna kubweza cholakwa, dinani Esc kenako u.

Musanasinthe kanthu, koperani .vimrc yanu ndi kuisunga padera. Ndipo nambala ya vuto ikakuzunguzani, ifunseni Vim yomweyo polemba :help ndi nambalayo, monga :help E492.