Kodi Ngwazi za pa Kanema Zitiphunzitsa Ciani?

Palibe nkhani imene iutsa mkangano m'nyumba zathu zogona koposa ya zithunzi za kanema. Pa chuthi ambiri a ife timazionera m'nyumba za vidiyo pa Namitete, pa Nsaru kapena pa Kabudula, zina zitamasuliridwa m'Cicewa, ndipo pobwerera ku sukulu ali yense afuna kuti ngwazi yace ipambane ya mnzace. Ine ndaona kuti pokangana timasokoneza mitundu iwiri ya zithunzi. Tsono ndifuna kuilekanitsa, pambuyo pace ndinene maganizo anga.

Mtundu woyamba ndiwo wa ngwazi za mphamvu zodabwitsa. Ngwazi zimenezi zinayamba m'timabuku ta zojambula ku America. Superman anaoneka m'caka ca 1938, ndipo anampeka ndi anyamata awiri, Jerry Siegel ndi Joe Shuster. Spider-Man anadza mu 1962, Black Panther mu 1966. Ambiri a ngwazizi mphamvu sanaigwirire nchito: Superman anabadwa nayo, ndipo Spider-Man anaipeza atalumidwa ndi kangaude.

Mtundu waciwiri ndiwo nthano za sayansi. Wolemba atenga cinthu cimene anthu adziwa kale, nafunsa kuti, "Nanga nzeru imeneyi itakula, dziko lidzakhala lotani?" Mu 1865 Jules Verne wa ku France analemba za anthu oponyedwa ku mwezi ndi mfuti yaikuru. Mu 1969 Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anapondadi pa mwezi. Koma taonani: iwo anapita ndi roketi, pakuti mfuti yotero ikadapha onse okweramo pa kuphulika koyamba. Verne analota bwino, koma anafikitsa anthu kumeneko ndiwo akatswiri a masamu ndi a makina.

Pakati pa ife pali magulu atatu. Loyamba linena kuti cithunzi cabwino ndi ca nkhonya zambiri; ngati ngwazi sigwetsa nyumba, ndalama yolowera yapita pacabe. Laciwiri linena kuti zonsezi ndi mabodza otaitsa nthawi, ndipo wofuna kukhoza mayeso asaziyandikire. Lacitatu lisamala za amene aonetsedwa. Iwowa akonda Black Panther ca 2018, m'mene Chadwick Boseman anasewera ngati T'Challa, mfumu ya Wakanda, dziko lopeka la mu Africa limene atsamunda sanalilamulirepo. Ati kunali kokoma kuona anthu akuda ali eni nzeru, akulankhula isiXhosa ca ku South Africa.

Gulu laciwiri silinama kotheratu. Pa Physics tiphunzira kuti mau ayenda mu mpweya, m'madzi kapena m'cinthu colimba. Kuthambo kulibe mpweya, cotero mabingu amene timva zombo zikamenyana mu Star Wars sangamveke konse. Ndiponso kuwala kwa dzuwa kutenga mphindi 8 kuti kufike kuno, ndipo kwa nyenyezi yoyandikira koposa kutenga zaka zoposa 4. Koma pa kanema anthu afika ku nyenyezi nsima isanapse. Komabe ine sindibvomereza kuti tileke kuonera. Amene atha kuloza bodza m'cithunzi ndiye amene wamvetsa phunziro lace. Nthano za Kalulu nazonso si zoona, koma agogo athu sanazitaye, cifukwa m'kati mwace muli mwambo.

Ine ndiima ndi gulu lacitatu, koma ndionjeza mau amodzi. Mu Black Panther amene andikondweretsa si mfumu, koma mlongo wace Shuri. T'Challa apeza mphamvu pakumwa mankhwala a cifumu, amene ine ndi inu sitidzawalawa. Shuri ndiye akonza cobvala ca mlongo waceyo ndi zida zina pogwiritsa nchito mutu wace. Mphamvu yotere ndiyo yokha imene mwana wa sukulu angatsanzire.

Sitisowa citsanzo kwathu kuno. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, analeka sukulu posowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. Anabwereka buku lochedwa Using Energy, ndipo ndi mbali za njinga, mitengo ndi zitsulo zotayidwa anamanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi kwao. Mu 2019 Chiwetel Ejiofor anatulutsa cithunzi ca moyo wace, The Boy Who Harnessed the Wind, cojambulidwa m'Malawi muno. Amalawi ambiri anadandaula ndi Cicewa ca osewera ocokera kunja, ndipo dandaulo limenelo liri ndi phunziro: ngati sitikonza tokha zithunzi zathu, ena adzatilankhulira ndi lilime lopotoka. Cithunzico si nthano yopeka ai, koma cionetsa cimene nthano za sayansi zilota.

Ena ayamba kale kulota m'malo mwathu. Mu 2015 Shadreck Chikoti anatulutsa buku la Azotus the Kingdom, lonena za Africa zaka 500 m'tsogolo. Ku Zambia, Malenga Mulendema anapeka Supa Team 4, zojambula zimene zinayamba kuoneka pa Netflix mu 2023, za atsikana anai a sukulu opulumutsa mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo. Ngati Lusaka angakhale mudzi wa ngwazi, Mpingu ndi Nambuma aletsedwa ndi yani?

Cotero, anzanga, poturuka m'nyumba ya vidiyo tidzifunse mafunso atatu. Kodi ngwaziyi mphamvu yace inaipeza bwanji, mwa mwai kapena mwa khama? Kodi ndi citi m'cithunzici cimene cigwirizana ndi sayansi, ndipo ndi citi cimene citsutsana nayo? Kodi nkhaniyi itacitika kwathu, bvuto lofuna ngwazi likadakhala liti: cilala, kutha kwa mitengo kapena malungo? Amene ayankha mafunsowa sanataye ndalama yace. Ndipempha aphunzitsi athu a sayansi kuti tsiku lina aonere nafe cithunzi cimodzi, tiwerenge pamodzi zoona ndi zonama zace. Ndipemphanso amene ali ndi luso la kulemba kapena kujambula kuti m'magazini yotsatira atipatse ngwazi yolankhula Cicewa comveka.