Malangizo: Mdima wa Disembala ku Britain

Lero tikulankhula nanu amene mwangofika ku Britain kukagwira ntchito yosamalira okalamba. Chisanu munachimva kale mbiri yake, koma chimene chimasautsa ambiri ndi mdima. Mu Disembala, ku London dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Popita kuntchito kuli bii, pobwerera kuli bii, munthu n'kumangokhala ndwii, kulakalaka kwathu.

Musadzitsekere m'nyumba, abale anga. Tsiku lopuma tulukani masana mukawongole miyendo, ngakhale kuli mitambo. A bungwe la zaumoyo la NHS amalangiza kumwa vitamini D kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo ife akhungu lakuda, chaka chonse. Kalembetseninso kwa dokotala wam'dera lanu, amene kumeneko amati GP. N'kwaulere. Mukayamba kusowa tulo, kamuuzeni msanga.