Boti Lakale la Injini: Kulidzutsa Kapena Kulisiya? Mafunso ndi Mayankho

M'madoko a Nyanja ya Malawi, kaya ku Msaka, ku Senga Bay, ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay, simusowa boti logona pamchenga, penti itasupuka, mbuzi zikuusa pamthunzi pake. Mabotiwa amagulitsidwa motchipa, ena amasiyidwa ngati chuma cha masiye. Mafunso otsatirawa ndi a munthu amene akulingalira zodzutsa limodzi mwa iwo.

Boti akundigulitsa pamtengo wotsika kwambiri. Ndiyambe kuyang'ana chiyani?

Musayambire pa mtengo, pa penti kapena pa injini. Yambirani pa zinthu zitatu zimene zimanyamula boti lonse: msana, womwe ndi mtanda wapansi woyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, nthiti, zomwe matabwa a m'mbali amakhomedwapo, ndi thabwa lakumbuyo lomwe injini imamangidwapo. Zitatuzi zikakhala zolimba, botilo ndi loyenera kukonza ngakhale likuoneka lonyansa bwanji, chifukwa thabwa la m'mbali mmisiri amalichotsa n'kuikapo lina, mpando amaupala, penti amaigula m'sitolo. Koma msana ukawola, kapena nthiti zambiri zikafumbwa, kuti mufike pamenepo muyenera kuphwasula pafupifupi boti lonse. Mudzalipira mmisiri kawiri, poyamba kuti aphwasule kenako kuti amange, ndipo pamapeto mudzakhala ndi boti latsopano lokhala ndi matabwa ochepa akale, pamtengo woposa wa boti lokhomedwa kumene. Mtengo wogulira ndi kachigawo kakang'ono ka ndalama zonse. Pali maboti ena amene ngakhale akupatseni ulere mwaluza.

Ndingadziwe bwanji kuti thabwa lawola pomwe kunja likuoneka bwino?

Maso okha sakwanira. Tengani hamala yaying'ono ndi sikuludiraiva, ndipo botilo likhale pamtunda, litauma, pansi pake pakuoneka. Gogodani msana pang'onopang'ono kuyambira kutsogolo. Thabwa lamoyo limalira mokweza ndipo hamala imabwerera, pomwe lowola limayankha mogonthera. Paliponse pomwe mwamva kugonthera, bayanipo ndi sikuludiraiva. Ikalowa popanda kuikakamiza, n'kutuluka ndi tizidutswa tofewa tabulauni, pamenepo palibenso thabwa. Samalani kwambiri pomwe nthiti ikumana ndi msana, pansi pa mipando ndi m'makona akumbuyo, poti m'menemo ndi momwe madzi amvula ndi otsala pokapa amakhazikika. Yang'ananinso mitu ya misomali. Mzere wa dzimbiri wotsika pansi pa msomali ukutanthauza kuti msomaliwo wadyeka m'kati, ndipo thabwa lozungulira lada n'kufewa. Thabwa lakumbuyo muliyese injini ili pomwepo: ikwezeni, gwirani mwendo wake kumunsi, ndi kuukankha m'mwamba ndi pansi. Injini ikagwedezeka pamodzi ndi boti lonse, zili bwino. Thabwalo likamapindika palokha kapena ming'alu ikamatseguka m'makona, lathera.

Pali chinthu china chomwe ambiri sachiganizira. Nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere. Izi zimathandiza zitsulo, chifukwa sizidyeka msanga monga zimachitira ku Beira kapena ku Dar es Salaam, ndipo kulibe tizilombo ta m'nyanja zamchere toboola matabwa. Koma nkhungu yomwe imawoletsa mitengo imakonda madzi opanda mchere ndi kutentha, ndiye kuti matabwa kuno amawola mosavuta, makamaka amene amanyowa ndi kuuma mobwerezabwereza. N'chifukwa chake boti lomwe lakhala zaka chagada pamchenga, likusunga madzi amvula dzinja lililonse, nthawi zambiri limakhala loipa kuposa lomwe linkagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Funsaninso kuti linakhomedwa ndi mtengo wanji. Maboti akale ambiri ankagwiritsa ntchito mkungudza wa m'phiri la Mulanje, womwe suwola msanga, koma mtengowu watsala pang'ono kutheratu ndipo simungaudalire pokonza. Mlombwa ndi mbawa n'zolimba koma zadula. Kusakaniza thabwa lolimba lakale ndi paini wosaphikidwa ndi mankhwala kumangokonzeratu pomwe boti lidzayambire kuchucha.

Nanga injini? Si ndiyo yodula kwambiri?

Ndi yodula, inde, koma siyenera kugamula za boti, chifukwa injini yakunja imamasulidwa n'kusamutsidwira pa boti lina. Muiwerengere payokha. Injini za Yamaha Enduro za mahosipawa 15, 25 ndi 40 n'zofala m'madoko, amakaniko amazidziwa ndipo masipeya ake amapezeka. Injini ya mtundu wachilendo, ngakhale ilire bwino lero, idzakugonetsani pagombe mwezi wathunthu chifukwa cha kachitsulo kamodzi. Makaniko achotse mapulagi, aone ngati pisitoni ikuyenda, ndipo ayeze mphamvu ya mpweya m'masilinda. Manambala ake akhale oyandikana. Amasule kabawuti ka oyilo wa m'giyabokosi. Oyilo wotuwa ngati mkaka ndi chizindikiro choti madzi akulowa, ndipo tizitsulo tonyezimira m'menemo tikunena kuti magiya akudyana. Injini ikalira m'madzi, kamtsinje ka madzi oziziritsa kazituluka mwamphamvu kumbuyo. Kampira kopopa madziwo kamauma injini ikakhalitsa osagwira ntchito, choncho kasintheni osadikira kuti kaonongeke. Kabuleta wotsekeka ndi petulo wakale, mapulagi ndi chingwe cholizira ndi zazing'ono. Injini yomwe inamirapo n'kusiyidwa osatsukidwa, kapena yomwe inayendetsedwa ndi petulo wopanda oyilo wokwanira mpaka kugwirana, imeneyo muigule ngati gwero la masipeya basi.

Ena akuti ndingolikuta ndi faibagalasi, kuchucha kutha. Kodi si njira yachidule?

Kuchucha kumaleka kwa kanthawi, ndipo apa ndi pomwe pali msampha. Faibagalasi sagwira bwino pa thabwa lonyowa kapena lamafuta, ndipo boti la matabwa limafufuma likanyowa n'kunyala likauma, pomwe chikopa cha faibagalasi sichitsatira. Pakapita nthawi chimasiyana ndi thabwa, madzi amalowa pakati n'kusowa potulukira, ndipo kuwola kumapitirira mobisika komwe hamala yanu sifikanso. Pa boti lolimba, louma bwino, lokutidwa ndi mmisiri wodziwa, njirayi ikhoza kuwonjezera zaka. Pa boti lowola nthiti ili ngati kumata dothi pa nkhokwe yodyedwa ndi chiswe. Boti lomwe ndi la faibagalasi lonse nalonso si lopanda vuto, chifukwa ambiri amakhala ndi pulayiwudi m'kati mwa thabwa lakumbuyo ndi pansi popondapo, ndipo madzi akalowera m'mabowo a mabawuti pulayiwudiyo amawola kunja kukuwalabe.

Koma sitima ya Ilala ndi yakale kwambiri ndipo ikuyendabe. Bwanji boti langa lisayende?

Funso ili ndi lomveka, ndipo likutsimikiza kuti ukalamba pawokha si mlandu. Ilala inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951. Chomwe chaisunga ndi chakuti yakhala ikukwezedwa pa doko la Monkey Bay, kuyezedwa, kuwotchereredwa ndi kusinthidwa injini pamene zatopa. Sinasiyidwe kuti igone zaka zambiri. Pa doko lomwelo pali nkhani ina yosiyana. Sitima ya Chauncy Maples, yomwe inatchedwa dzina la bishopu wa mishoni ya UMCA amene anamira m'nyanjayi mu 1895, inapangidwa ku Glasgow mu 1899 ndipo inalowa m'madzi mu 1901. Inagwira ntchito ya mishoni, kenako inagulitsidwa n'kusandutsidwa yonyamula anthu. Itakhala nthawi yaitali osayenda, panabwera ganizo labwino loisandutsa chipatala choyandama chofikira midzi ya m'mbali mwa nyanja. Ndalama zinasonkhedwa, makamaka ku Britain, ntchito inayambika, koma inalekezedwa panjira chipatalacho chisanaoneke. Kumeneko kunali mainjiniya, mabungwe ndi chifuniro chabwino. Ngati ntchito yotere ingakanike ndi zonsezo, munthu mmodzi wodalira ndalama za usipa ayenera kufunsa osati zaka za boti zokha, koma zaka zomwe lakhala losasamalidwa.

Ndiwerengere bwanji ndalama?

Lembani mitengo itatu musanachotse msomali ngakhale umodzi: wa kukonza zonse, wa boti latsopano la saizi yomweyo kwa mmisiri wa kwanuko, ndi wa boti lina logwiritsidwapo ntchito lomwe likuyenda lero. Pa mtengo wokonza muwonjezerepo gawo lalikulu la zosaoneka, chifukwa kuwola kumapezeka kochuluka thabwa loyamba likachotsedwa. Kumbukiraninso kuti masipeya, penti ndi guluu zimachokera kunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ntchito yokoka miyezi yambiri imakumana ndi mitengo yomwe simunailembe. Ngati kukonza kukuyandikira mtengo wa latsopano, khomani latsopano. Mwini chilimira awerengerenso usiku uliwonse womwe alovi ake akhala pagombe, chifukwa alovi odziwa ntchito sadikira, amakwera boti la wina. Ndi bwino kukonza m'miyezi yomwe usodzi watsekedwa kudera lanu.

Ndalowetsamo kale ndalama zambiri. Ndingalekeze bwanji pano?

Zomwe zinalowa sizibwerera, kaya mupitirize kaya muleke. Funso lotsala ndi limodzi: kuyambira lero, ndalama zotsala kuti boti liyende bwino n'zochepa kapena zochuluka kuposa kugula lina? Ngati n'zochuluka, masulani injini, thanki, nangula, zingwe ndi matabwa amoyo, mugwiritse ntchito kwina.

Botili linali la bambo anga. Kodi zonse ndi ndalama basi?

Ayi, ndipo palibe chochititsa manyazi kuwononga ndalama pa chinthu chimene chikukumbutsani kholo. Munthu amene akudziwa kuti akulipira chikumbutso, ndipo ali nazo, asaletsedwe. Chovuta chimabwera pamene chikondicho chikuchititsa mwini kunena kuti msana ukadali bwino pomwe sikuludiraiva yalowa theka. Boti silinyamula mwini yekha. Mumakwera alovi, amayi a geni ya nsomba ndi ana asukulu, ndipo mwera wa pakati pa May ndi August umadzutsa mafunde omwe amamenya pansi pa boti kosalekeza kufikira atapeza msomali wofooka. Nyanjayi inameza ngakhale Vipya, sitima yachitsulo yatsopano, pa 30 July 1946 kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Ngati mafupa a boti la bambo atha, dzina lake likhoza kulembedwa pa boti latsopano, ndipo matabwa abwino akale akhoza kukhala mipando yake.

Ndakonza. Ndilowe nalo pakati pompano?

Musafulumire. Liikeni m'madzi osaya pafupi ndi gombe kwa masiku angapo kuti matabwa afufume ndi kutseka mipata, uku mukuona kuchuluka kwa madzi omwe mukukapa m'mawa uliwonse. Akamachepa tsiku ndi tsiku, zikuyenda. Akamakhala omwewo, pali malo omwe thonje ndi phula zotsekera mipata sizinagwire. Kenako yesani injini nyanja ili bata, muli anthu ochepa, nkhafi ndi chokapira zili m'boti, aliyense atavala jekete yoyandamitsa. Ngati mudzanyamula anthu olipira, pitani ku dipatimenti yoona za maulendo a pamadzi kuti aliyendere ndi kulilembetsa, ndipo chiwerengero cha anthu chomwe akuuzeni chikhale chomwecho ngakhale pa tsiku la msika.